KANEMA NDI BANJA: Za Kuonera Pamodzi Zithunzi Zoyenda

Atate ndi amai a m'mabanja athu a ku Zomba ndi midzi yozungulira phiri, mwezi uno ndifuna kuti tichezerane za kanema. Kapena ena mudzati, nanga mphunzitsi wa katekisimu ali nazo chiani zithunzi zoyenda? Yankho lake nlakuti ana amene timawaphunzitsa Loweruka m'mawa ndi omwewo amene madzulo ake amadzaza timanyumba ta vidiyo ku Chinamwali, ku Chikanda ndi pa Mpondabwino, ndipo zimene aona kumeneko sachedwa kuziloweza pamtima. Chifukwa chake nkhani iyi njathu tonse.

Kumene kanema anachokera

Pa 28 Disembala 1895, mu mzinda wa Paris, abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, anasonkhanitsa anthu m'chipinda, nalandira ndalama pakhomo, nawaonetsa zithunzi zoyenda pa nsalu yoyera. Kunena zoona zithunzizo siziyenda ai. Chithunzi chiri chonse nchoima, koma zimapita patsogolo pa nyali mofulumira, zithunzi 24 pa sekondi imodzi, kotero kuti diso linyengeka niliona ngati munthu alikuyenda. Poyamba zinali zopanda mau, ndipo kanema wolankhula anayamba kufala m'chaka cha 1927.

Mwa anthu a kuno kwathu, ambiri amene anayamba kuona chodabwitsachi ndiwo amuna opita ku ntchito ku Joni, ku Salisbury ndi ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia. M'zaka za m'ma 1920 mbusa wina wa ku America, dzina lake Ray Phillips, anayamba kuonetsa zithunzi m'makomboni a migodi ya Johannesburg, ndipo azigogo athu anabwera nalo kumudzi liu lakuti bayisikopo. Zimene ankakonda kwambiri ndi za anyamata okwera akavalo ndi kuombera mfuti, ndipo ku migodi ya mkuwa ngwazi ya m'kanema wotere ankangoitcha Jack, kaya dzina lake lenileni ndani. Koma ambiri opita kumeneko anali amuna. Akazi ndi ana otsala kumudzi anangomva mbiri yake pamoto madzulo.

Kanema afika pabwalo

Pakati pa 1935 ndi 1937 bungwe la International Missionary Council, ndi ndalama za Carnegie Corporation, linayesa kupanga kanema wa anthu akuda. Ntchitoyo inatchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, ndipo oitsogolera anali L. A. Notcutt ndi G. C. Latham. Anapanga mafilimu 35 ku Tanganyika, onena za kusunga ndalama ku positi, za msonkho, za matenda ndi za ulimi, nayenda nawo pa galimoto kufikira kuno ku Nyasaland. Mau ofotokoza nkhani anawajambula pa mbale za galamafoni m'zinenero zingapo, ndipo Chinyanja chinali chimodzi cha izo.

Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 Boma linaona kuti kanema woyenda pa galimoto ngwothandiza kufalitsa nkhani za nkhondo. Ife a ku Zomba nkhanizo zinatikhudza, pakuti kuno ndiko kunali likulu la dziko kufikira 1975, ndiponso kuno kunali kampu ya asilikali a King's African Rifles, amene anakamenya nkhondo mpaka ku Burma. Itatha nkhondo, m'chaka cha 1948, panakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, yopangira mafilimu maiko atatu, Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri, ndipo inagwira ntchito kufikira 1963.

Tisabise kuti masiku amenewo kunali tsankho. Azungu a ku Zomba anali ndi malo ao a zosangalatsa ku Gymkhana Club, kumene munthu wakuda sanali kuloledwa kukhala membala. Mafilimu opangira ife kawirikawiri anali a munthu wanzeru ndi munthu wopusa, wanzeruyo ndiye womvera mlangizi wa Boma. Komabe m'kanema wa pabwalo munali chinthu chimodzi chokoma, chimene ndifuna kuti tichisunge. Galimoto ikafika, nsalu ankaikweza pabwalo la sukulu kapena la amfumu, ndipo dzuwa likalowa mudzi wonse unasonkhana: agogo pa mphasa, amai ndi makanda kumbuyo, ana kutsogolo, abambo chiriri m'mbali. Wotanthauzira anafotokoza m'chinenero chathu, anthu naseka pamodzi, nadzudzula pamodzi. Pobwerera kunyumba mwana anali kufunsa, ndipo wamkulu anali pomwepo kumyankha.

Kuchoka pabwalo kufika m'manja

Dziko litalandira ufulu mu 1964, m'mizinda munali nyumba za kanema zolowamo ali yense wokhala ndi ndalama, monga ya Apollo ku Blantyre. Kupita kumeneko kunali ulendo wokonzekera: kuchapa zobvala, kusunga ndalama za tikiti, kunyamuka banja lonse. Mu 1968 Nyumba ya Malamulo, imene nthawiyo inali kukumana kuno ku Zomba, inakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, ndipo bungwe loyang'anira linayamba kudula kapena kuletsa mafilimu, nthawi zina mopyola muyeso. Pambuyo pake kunabwera makina a vidiyo, nyumba zakale za kanema nizitsekedwa. Wailesi ya kanema ya dziko lino inatsegulidwa mu 1999, ndipo lero nsalu yaikulu ija yachepa mpaka kukwana m'dzanja, pa foni.

Taonani tsono m'mene zasinthira. Wotanthauzira alipobe, pakuti anyamata aluso amaika mau a Chichewa m'mafilimu a ku China, ku India ndi ku America, ndipo ena a iwo ngoseketsa ndithu. Zithunzi zachuluka, mtengo watsika. Chimene chasowa ndi agogo aja pa mphasa. M'kanyumba ka vidiyo, ka mdima ndi kotentha, mulowa mwana wa zaka 8 pamodzi ndi anyamata a ndevu, ndipo mwini wake ayang'ana ndalama, sayang'ana msinkhu. Mwana aona kuphana ndi zamanyazi, ndipo palibe womuuza kuti magazi ajawo ndi utoto, kapena kuti khalidwe lija limathera m'misozi. Akulu anati, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Mau a Eklezia

Pa 29 Juni 1936 Papa Pius XI analemba kalata yotchedwa Vigilanti Cura, yonena za kanema. Iye sanaletse kanema. Anaphunzitsa kuti munthu wotopa ndi ntchito ayenera kupumula ndi kusangalala, ndi kuti kanema ali ndi mphamvu yoposa buku, chifukwa alankhula ndi maso, ndipo ngakhale wosadziwa kuwerenga amamva. Mphamvu yotere ingathe kumanga kapena kugwetsa. Chifukwa chake anapempha kuti mafilimu azisiyanitsidwa patatu: oyenera onse, oyenera kusamala nao, ndi oipa. Mu 1963 Msonkhano wa Vatican Wachiwiri, m'chikalata cha Inter Mirifica, unakumbutsa makolo kuti udindo woyang'anira zimene ziloŵa m'nyumba ndi zimene ana akaona kunja uli pa iwo.

Tichite bwanji?

Ambiri a inu munakwerapo phiri lathu ndi banja pa tchuthi, kukaona damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, ndi chigwa chonse kuchokera pa Queen's View. Palibe kholo limene limaletsa mwana kuona zokongola zimenezi. Koma mukafika pa dzenje la Chingwe, kodi simumgwira dzanja mwanayo? Kanema ali chimodzimodzi. Kuletsa kokha sikuthandiza, pakuti mwana adzapita mozemba. Kumlekerera nakonso nkumtaya. Njira ndiyo kupita naye.

Choyamba, atate, lowani nokha tsiku lina m'kanyumba kamene ana anu amapitako, muone chimene chionetsedwa masana. Mukapeza zosayenera, lankhulani ndi mwini wake mwaulemu. Akakana kumva, nkhaniyo ipite kwa amfumu ndi ku komiti ya sukulu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachiwiri, sankhani usiku umodzi pa mwezi kuti banja lonse lionere pamodzi. Ngati m'nyumba mwanu mulibe makina, gwirizanani mabanja atatu kapena anai a m'Mphakati, kapena pemphani holo ya parishi kapena chipinda cha sukulu. Akulu ayambe aona okha filimuyo asanaitane ana. Ndipo inu okwatirana, musachite manyazi kupita awiriwiri kukaona za akulu, ana mutawasiya ndi azakhali ao. Kucheza kotere kumalimbitsa ukwati koposa kuti bambo akhale ku mowa, mai ali yekha kunyumba.

Chachitatu, funafunani mafilimu a kwathu, pakuti tsopano alipo. Charles Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life, kenaka The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Amenewa ali ndi nkhani zolemera, zoyenera akulu. Mu 2019 kunatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, ya Chiwetel Ejiofor, yosimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene analeka sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, nawerenga mabuku yekha, napanga makina a mphepo otulutsa magetsi. Mau ambiri m'menemo nga Chichewa, ndipo agogo sadzasowa wotanthauzira.

Chachinai, ndipo ichi ndicho chachikulu, filimu ikatha musabalalike msanga. Funsani ana: Ndani anachita bwino? Uja analakwa pati? Ukanakhala iwe ukanatani? Umu ndimo makolo athu ankathera nthano, ndipo phunziro linali kukhala. Kuongola mtengo mpoyamba.

Mulungu adalitse mabanja anu, ndipo Banja Loyera la ku Nazareti likusungeni mu mtendere kufikira tidzachezenso mwezi wa mawa.