Galimoto yawaya ndi luso limene labisala m'menemo

Misika ya fodya ikatsegulidwa ku Kanengo, malole amachuluka m'misewu ya ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma. Nyengo yomweyo kumachulukanso magalimoto a mtundu wina, aja amene ana amapinda ndi waya n'kumawayendetsa ndi chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Akuluakulu ambiri timangoti ndi zidole, ndipo makolo ena amakalipa kuti mwana akutaya nthawi m'malo mokadyetsa mbuzi. Komatu munthu akanyamula imodzi n'kuiyang'ana pansi pake, apeza kuti mwanayo walimbana ndi mafunso omwewo amene amakaniko ndi mainjiniya amalimbana nawo.

Ntchito imayambira pa kuwongola waya, pomumenya ndi mwala pamalo osalala kapena kumukoka mozunguliza mtengo. Waya wonenepa ndiye amapanga mafupa a galimoto, amene amakaniko amati chasisi. Waya wopyapyala kapena malegeni odulidwa ku chubu chakutha cha njinga ndiwo amamanga mfundo. Magudumu amachokera ku zitini za polishi ya nsapato, zitsekerero za mabotolo, kapena patapata wakutha wodulidwa mozungulira. Ana aluso amalowetsa waya wonyamula magudumu m'kachubu ka cholembera chakutha kuti azizungulira mosakhulana ndi chasisi. Ena amapinda waya mozunguliza msomali kuti apange masipuling'i, galimoto izinesa ikaponda pa bampu.

Pamene pamaonekera mmisiri weniweni ndi pa chiwongolero. Woyamba kumene amamangirira magudumu onse awiri akutsogolo ku waya mmodzi wozungulira pakatikati. Galimoto yotere imakhota ndithu, koma pa kona yakuthwa imagubuduka, chifukwa magudumuwo amalowa pansi pa thupi lake ndipo mbali imodzi imasowa poyedzamira. Wodziwa amapatsa gudumu lililonse msomali wakewake wozungulirapo, kenaka n'kulumikiza awiriwo ndi kawaya kopingasa. Chiwongolero chikakankha kawayako, magudumu onse amakhota pamodzi ali pamalo pawo. Umu ndi momwe minibasi ndi lole zimakhotera, ndipo kawaya kopingasa kaja ndiko amakaniko amatcha tayirodi.

Palinso china chobisika. Galimoto ikamakhota, gudumu lam'kati limayenda mtunda waufupi kuposa lakunja, choncho liyenera kukhota kwambiri kuposa linzake. Apo ayi limakwekwereza pansi. Ngolo yathu ya ng'ombe ilibe vuto limeneli poti magudumu ake ndi awiri okha, ndipo imatsata kumene ng'ombe zalowera. Koma opanga ngolo za akavalo zamagudumu anayi ku Ulaya analimbana nalo. Georg Lankensperger wa ku Munich anapeza njira yake, ndipo Rudolph Ackermann anailembetsa ku England mu 1818. Mpaka lero ophunzira za magalimoto amaidziwa ndi dzina la Ackermann. Mwana wa pa Nsaru amene amapinda timikono ta magudumu akutsogolo molozetsa m'kati pang'ono, ataona kuti galimoto yake ikukwekwereza, wafika pa nzeru yomweyo ndi manja ake okha.

Kumaiko akunja kupanga ndi kusunga magalimoto ang'onoang'ono ndi chisangalalo cha anthu aakulu omwe. Makampani monga Matchbox, imene inayamba ku England mu 1953, ndi Hot Wheels, ya ku America ya mu 1968, amagulitsa timagalimoto tachitsulo, ndipo okonda lusoli amatipenta mwatsopano, kusintha magudumu ndi kuwonjezera zokongoletsa. Chimene iwo amasamala kwambiri ndi muyeso. Pa bokosi pamalembedwa 1:18, 1:24, 1:43 kapena 1:64. Tanthauzo la 1:24 ndi lakuti sentimita imodzi pa kagalimotoko ikuimira masentimita 24 pa galimoto yeniyeni, ndipo lamulo limeneli limagwira chiwalo chilichonse, kuyambira chitseko mpaka nyali.

Apa ndi pamene ana athu angapindule ndi thandizo lochepa chabe la mphunzitsi kapena kholo. Tiyerekeze lole yotalika mamita 8, yotambalala mamita 2.4, magudumu ake otalika mita imodzi. Pa muyeso wa 1:20 timagawa chilichonse ndi 20: kutalika kukhala masentimita 40, kutambalala 12, gudumu 5. Koma mmisiri wa waya sayambira pa kutalika. Amayambira pa gudumu, chifukwa waya amapindika mmene ufunira pamene chitini chili ndi msinkhu wake kale. Ngati chitini chake ndi cha masentimita 7, lole yake italike kasanu n'katatu kuposa gudumulo, ndiye kuti masentimita 56, ndipo itambalale pafupifupi masentimita 17. Magalimoto ambiri amene amaoneka ngati achule, mutu waukulu miyendo yaing'ono, amalakwika pamenepa. Mwana amene wayeza lole yoima pamsika ndi mapazi ake, atapempha chilolezo kwa dalaivala, n'kuchita masamu amenewa, sadzaiwala kugawa.

Luso limeneli latitchukitsa kunja kuposa mmene ambiri timadziwira. Mu 1990 mlembi wa ku America, Karen Lynn Williams, amene anakhalapo kuno ku Malawi, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, zithunzi zake zojambulidwa ndi Catherine Stock. Limasimba za mnyamata Kondi amene amayendayenda m'mudzi kufunafuna waya. Ana ambiri a ku America anamva mawu a Chichewa koyamba kudzera m'bukuli. Tikumbukenso William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene analeka sukulu chifukwa cha njala ya 2001 mpaka 2002, napanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito njinga yakutha, mapaipi ndi zitsulo zotoleza. Anadzamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College mu 2014. Si mwana aliyense wopinda waya adzafike kumeneko, koma kuwotcherera zitsulo, umakaniko ndi ukalipentala zimafuna diso ndi manja omwewo, ndipo Namitete Technical College tili nayo pafupi, m'boma lathu lomwe lino. Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999, ndilo limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja otere, ndipo salandira anyamata okha. Chizolowezi chouza atsikana kuti waya ndi wa anyamata chimawatsekera khomo adakali aang'ono.

Funso lovuta ndi lakuti waya amachokera kuti. Wina ndi wotayidwa ndithu: masipoko a njinga, mabedi akutha, mpanda wakugwa. Koma wina amadulidwa ku mpanda wa dimba la munthu, wa sukulu kapena wa nazale ya mitengo, ndipo kamodzi kokha pakatseguka mpata mbuzi zimamaliza mbewu za chaka. Choopsa koposa ndi waya wa magetsi. Pamene magetsi akufika m'misika ndi m'midzi kudzera mu ndondomeko ya MAREP, ana ayenera kuuzidwa momveka kuti waya aliyense wa pa mtengo wa ESCOM, ngakhale uja wochirikiza mtengo kapena wogwera pansi, sakhudzidwa. Angathe kupha pomwepo, ndiponso kuononga zipangizo za magetsi ndi mlandu. Kholo likaona waya wonyezimira, watsopano, m'manja mwa mwana, lifunse kumene wachokera.

Waya amabayanso. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timakonda bala laling'ono koma lakuya, lotere limene waya amasiya. Bala litsukidwe msanga ndi sopo ndi madzi aukhondo, mwanayo apite kuchipatala, osati kuthira dothi kapena phulusa. Nsonga zonse za galimoto zipindidwire m'kati, ndipo mpikisano uzichitikira pabwalo. Mwana woyendetsa galimoto yawaya maso ake amakhala pa magudumu, saona njinga yamoto ya kabaza ikubwera kumbuyo.

Makomiti a sukulu ndi a VDC amene angafune kulimbikitsa lusoli safunika ndalama zambiri. Eni magalaja ndi okonza njinga pamsika angathe kusunga waya wotsala m'thumba m'malo momutaya, makaniko mmodzi n'kudzakhala woweruza pa tsiku lotsekera sukulu. Aweruze zitatu: ngati muyeso wa gudumu ukugwirizana ndi thupi, ngati galimoto ikukhota mbali zonse ziwiri osagubuduka itanyamula njerwa yatheka, ndiponso ngati mwiniwake angatchule kumene anatenga waya wake.