Zofunika Kudziwa Pogula Tenti Yoyamba ya Banja Lopita Kukagona ku Rufunsa

Mabanja ena a mu Lusaka amakonda kucoka mu mzinda kumapeto kwa sabata, kapena ana akatsekera sukulu, kuti akapumule kumene kuli mitengo, mapiri ndi mitsinje. Boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku boma la Chongwe, ndi limodzi mwa malo apafupi amene banja lingapiteko. Mseu wa Great East umadutsa m'bomali, kuyambira ca ku Chinyunyu kumene kuli akasupe a madzi otentha, kudzera kufupi ndi Mpanshya, kulowera ku ulalo wa Luangwa. Kum'mwera kwake kuli nkhalango ya nyama ya Lower Zambezi, imene inakhazikitsidwa mu 1983.

Banja likafuna kugona kumalo otere, cinthu coyamba kugula ndi tenti. Ambiri amasankha poona mtundu wake kapena kuchipa kwa mtengo. Koma tenti ndi nyumba ya usiku, ndipo iyenera kusankhidwa molingana ndi malo amene mukagone. Ku Rufunsa nchito yake ndi kuteteza banja ku mvula, ku mphepo yozizira ndi ku udzudzu.

Kukula kwake

Pa thumba la tenti pamalembedwa ciwerengero ca anthu amene angagonemo. Dziwani kuti opanga matenti amawerengera munthu aliyense malo a masentimita pafupifupi 60 m'lifupi, osaikapo zikwama, nsapato kapena mwana wogubuduka usiku. Motero banja la anthu anai liyenera kugula tenti yolembedwa anthu 6. Ngati muli ndi ana osinkhuka, mwambo wathu sulola kuti agone malo amodzi ndi makolo. Pamenepo ndi bwino kugula matenti awiri aang'ono, kapena imodzi ya zipinda ziwiri.

Kwa oyamba kumene, tenti yozungulira pamwamba, ya mitengo iwiri yopingasana, ndiyo yosavuta. Anthu awiri angathe kuimanga m'mphindi zocepa, ndipo siivutika kwambiri ndi cimphepo. Tenti ya cinsalu cokhuthala ca kanivasi imakhalitsa ndipo siitentha msanga masana, koma ndi yolemera ndiponso yokwera mtengo. Ya nsalu ya poliyesita ndi yopepuka ndi yochipa, ngakhale kuti dzuwa limaifooketsa ikamakhala panja masiku ambiri.

Mvula, kuzizira ndi kutentha

Mvula kuno imagwa kuyambira mu November mpaka mu April. Tenti yabwino imakhala ndi nsalu ziwiri: yamkati yolowetsa mpweya, ndi yakunja yochinga mvula, imene iyenera kutsika mpaka kufupi ndi pansi. Pa thumba pamakhalanso nambala ya mamilimita yosonyeza mphamvu ya nsalu pokana madzi. Ya 1,500 imakwanira pa mvula yowaza, koma pa mvula yamkuntho funani ya 3,000 kapena kuposapo. Onaninso ngati m'misoko mwamatidwa tepi, cifukwa madzi amayamba kulowera mmene mwadutsa singano. Nsalu ya pansi ikhale yokhuthala ndi yopindikira m'mwamba m'mbali zonse monga beseni.

Banja loyamba kumene lingacite bwino kupita pakati pa May ndi August, pamene kulibe mvula. Komabe mu June ndi July usiku kumazizira kwambiri, ndipo kumalo okwera kuzizira kumatha kutsika pansi pa madigiri 10. Kuzizira kwambiri kumacokera pansi, conco coyala n'cofunika mofanana ndi cofunda. Matiresi aang'ono a siponji, kapena mphasa yoyalapo bulangeti, zimathandiza. Sikofunika kugula zofunda zapadera ngati kunyumba kuli mabulangeti okwanira.

Mu October zinthu zimatembenuka. Kumunsi ca ku cigwa ca Luangwa kutentha kumafika madigiri 40. Tenti yopanda mazenera mbali ziwiri siigoneka pa nyengo imeneyo.

Udzudzu ndi tsetse

Malungo ali ponseponse m'dera lino. Pakhomo ndi pa mazenera a tenti payenera kukhala neti ya timaboo tating'ono, ndipo zipi izitsekeka mpaka kumapeto. Yesani zipi iliyonse kangapo musanalipire, makamaka ngati mukugula tenti ya salaula. Tenti yotere muitambasule padzuwa kuti muone ngati yabooka, ndipo muwerenge mitengo ndi zikhomo zake. Tengani mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, ndipo ana avale zovala za manja aatali dzuwa likamalowa.

Rufunsa ndi limodzi mwa maboma a m'Zambia kumene kumapezeka nchenche za tsetse, zimene zimafalitsa matenda a kaodzera. Nchenchezi zimaluma masana, makamaka kufupi ndi nkhalango za nyama, ndipo zimakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda. Valani zovala za khaki kapena zotuwa. Wina akayamba kutentha thupi kapena kumva mutu m'masabata otsatira ulendo, apite ku cipatala msanga ndi kuuza anamwino kumene anapita. M'bomali muli cipatala ca mishoni ca St Luke's ku Mpanshya.

Mbaula isalowe mu tenti

Ngozi yoopsa kuposa zonse siicokera kuthengo, koma m'katundu amene banja lanyamula. Usiku wa mu June kukazizira, munthu amaganiza zolowetsa mbaula mu tenti kuti ana amve kufunda. Makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, cizungulire ndi kufooka, ndipo amene ali m'tulo angafe osadzuka n'komwe. Ngakhale makala amene akuoneka ngati azima amatulutsabe mpweyawu. Citofu ca gasi, nyali ya parafini ndi kandulo nazonso zisalowe, pakuti nsalu ya tenti imayaka m'kanthawi kocepa.

Phikirani panja, patali ndi tenti, pamalo amene mwalambula udzu wouma. M'cilimwe kamoto kakang'ono kangathe kutentha chire lonse ndi minda ya anthu. Musanagone thirani madzi pamoto mpaka phulusa litazizira. Pounikira gwiritsirani nchito tochi kapena nyali ya sola.

Katundu wina wofunika

Nyamulani madzi akumwa m'zigubu za malita 20, kuwerengera malita 5 pa munthu aliyense tsiku lililonse pa kumwa ndi kuphika. Madzi a mumtsinje kapena pacitsime muwawiritse kapena muthiremo klorini. Tengani mapoto a kunyumba, cikwanje, nyundo, cingwe, kakhasu kokumbira cimbudzi, matumba a zinyalala, ndi kabokosi ka mankhwala kokhala ndi mabandeji, mankhwala a zilonda, ocepetsa ululu ndi mapaketi a ORS. Zikhomo zoonda zimene zimabwera ndi matenti ambiri zimapindika pa nthaka youma ya miyala, conco onjezani zacitsulo zokhuthala. Foni ikhale yodzaza moto, koma uzani wacibale kumene mukupita ndi tsiku lobwerera, popeza m'mapiri ena netiweki imasowa.

Malo omangapo

Pa ulendo woyamba sankhani malo okonzedwa kale olandirira alendo a matenti, kumene kuli madzi, cimbudzi ndi mlonda. Malo ambiri ku Rufunsa ndi a mafumu, monga Mfumu Mpanshya, Mfumu Shikabeta ndi Mfumu Bunda Bunda. Musamange tenti musanaonane ndi nyakwawa ya mudzi. M'nkhalango ya Lower Zambezi ndi m'madera osungirako nyama oizungulira, cilolezo cimacokera ku Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016. Akuluakulu anati safunsa anadya phula: eni dera ndiwo adziwa njira za njovu ndi madooko a ng'ona.

Musamange m'khwawa louma, pansi pa mtengo wouma, kapena m'mphepete mwenimweni mwa Luangwa ndi Lunsemfwa, kumene mvuu zimatuluka usiku kukadya. Cakudya cisungidwe m'galimoto osati mu tenti, ndipo m'mawa kutumulani nsapato cifukwa ca zinkhanira.

Musananyamuke, mangani tentiyo pabwalo la nyumba yanu, muithire madzi pamwamba, ndipo banja ligonemo usiku umodzi. Cimene casowa cidzadziwika mukali pafupi ndi sitolo. Tsiku la ulendo fikani dzuwa likali m'mwamba, ndipo mukabwerako muiyanike iume bwino musanaipinde, kuti isacite nkhungu.