Chomwe chikugwiriziza mabanja a Chisilamu ovutika ku Dowa ndi Ntchisi

Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti Amalawi pafupifupi 14 mwa 100 alionse ndi Asilamu. Ambiri mwa iwo ali m'maboma a Mangochi, Machinga, Balaka, Salima ndi Nkhotakota, komwe Chisilamu chidazika mizu kalekale. Ku Nkhotakota chidafika ndi Jumbe Salim bin Abdallah cha m'ma 1840.

Kumtunda kuno, m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndi m'midzi yozungulira Mtengowanthenga, Asilamu ndi ochepa pakati pa Akhristu ochuluka. Moyo wawo sukusiyana ndi wa anansi awo: amalima chimanga, mtedza, soya ndi fodya, ndipo mvula ikavuta onse amagona ndi njala. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa feteleza udakwera. Kenaka ng'amba ya El Niño idachititsa kuti mu Malichi 2024 boma lilengeze za ngozi yadzidzidzi m'maboma 23 mwa 28. Kodi banja losauka limapirira bwanji zotere?

Ambiri amaganiza kuti yankho ndi zakaat, chopereka chomwe ndi imodzi mwa nsanamira zisanu za Chisilamu. Msilamu amene wasunga chuma chofika pa mulingo wotchedwa nisab kwa chaka chathunthu amayenera kupereka 2.5 peresenti kwa osowa. Pa zokolola monga chimanga, mulingowo ndi makilogalamu pafupifupi 650, omwe ndi matumba 13 a makilogalamu 50. Wolima modalira mvula amapereka thumba limodzi pa matumba khumi alionse, pomwe wothirira modzilipirira amapereka theka la zimenezo.

Vuto lagona apa: m'mudzi momwe aliyense ndi wosauka, ofika pa nisab ndi owerengeka. Chaka cha chilala olandira amachuluka, opereka n'kuchepa. N'chifukwa chake zakaat yochuluka imachokera kwa amalonda a m'mizinda, kudzera m'mabungwe monga Islamic Zakaat Fund, lomwe limadziwika ndi kulipirira ophunzira sukulu. Thandizo lotere limasintha tsogolo la mwana, koma silingafike pakhomo lililonse.

Chomwe chimagwiriziza banja tsiku ndi tsiku ndi tinthu ting'onoting'ono. Choyamba ndi sadaka, chopereka chaufulu chopanda mulingo, chimene ngakhale mmphawi angathe: mbale ya ufa, nkhuni pamaliro, kapena kulimira mayi wamasiye mizere ingapo. Apa chiphunzitso cha kumzikiti chimakumana ndi mwambi wa makolo woti kupatsa n'kuika.

Chachiwiri ndi zakaat-ul-fitr, chakudya chomwe mwini banja amaperekera aliyense wa m'nyumba mwake pamapeto pa Ramadan, mapemphero a Eid asanayambe. Ndi makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu pa munthu. Popeza Ramadan imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, m'zaka zino ikugwa mu Febuluwale ndi Malichi, nthawi imene nkhokwe zili mbee ndipo chimanga chili pamtengo wokwera. Wolandira chimamufikira pa nthawi yake, koma wopereka amachita kudzimana.

Nkhani ya ngongole ndiyo yovuta kwambiri. Chisilamu chimaletsa riba, kutanthauza chiwongoladzanja. Choncho katapila, yemwe amakola alimi ambiri podikira ndalama za fodya, ndi woletsedwa. Nawo mabanki mkhonde, omwe afala m'midzi yambiri, amabweretsa mafunso chifukwa phindu lawo limachokera ku chiwongoladzanja chomwe mamembala amalipira akakongola. Chipereganyu chilibe vutoli: aliyense amasonkha ndalama zofanana ndipo amalandira mosinthana popanda chowonjezera. Kufooka kwake n'kwakuti matenda akagwa pakhomo lisanafike tsiku lako lolandira, uyenera kupempha anzako kuti akusinthire malo.

Ubale nawonso ndi mzati. Mwana amene makolo ake amwalira kawirikawiri amatengedwa ndi agogo, amalume kapena azakhali ake, ndipo Chisilamu chimalemekeza kwambiri wolera mwana wamasiye. Ubalewu sulekera pa chipembedzo. Msilamu akadwala amalandira chithandizo pachipatala cha Akatolika cha Mtengowanthenga monga wina aliyense, ndipo ganyu amagwira m'munda mwa mnansi wa mpingo uliwonse.

Komabe njira zonsezi zimagwira bwino ntchito pamene tsoka lagwera khomo limodzi. Likagwera mudzi wonse, monga chilala, wopatsa naye amasanduka wopempha. Apa ndi pomwe ndondomeko ngati Mtukula Pakhomo, yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006, zimafunikira. Mabungwe obwereketsa ndalama kumidzi nawo akadzapeza njira zopanda chiwongoladzanja, mabanja a Chisilamu sadzafunikanso kusankha pakati pa chikhulupiriro chawo ndi thumba la feteleza.