Mwana Akapita Kunja, Dzina Lake Limatsala Kuti?

M'chaka cha 2006 woimba wa ku America, Madonna, adatenga mwana wamwamuna kumalo osungirako ana amasiye ku Mchinji. Mayi a mwanayo anali atamwalira, koma bambo ake anali moyo. Anthu adafunsa: kodi umphawi wokha ungachotse mwana pakati pa abale ake?

Mu 2009 Madonna adabweranso kudzafuna mwana wamkazi. Bwalo lalikulu la milandu lidakana ponena kuti mayiyu sanali wokhala m'dziko muno, koma bwalo la apilo lidaloleza.

Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene Malawi adalivomereza mu 1991, likuti mwana atumizidwe kunja pokhapokha njira yomulerera kwao ikasowa. Ndime 20 ya panganoli imatchulanso kafala, imene ife timaidziwa bwino: mwana mumlera, mumdyetsa, mumphunzitsa, koma dzina la bambo ake simulifafaniza.

Tsono a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu akafika pamudzi, amalume ndi agogo musakhale chete. Musanasaine kapena kudinda chala, funsitsitsani tanthauzo la kalatayo. Bwalo likagamula, pamaso pa lamulo makolo a mwanayo amakhala atsopanowo.