Mapapo akadzaza madzi: zofunika kudziwa za ARDS

Chiperoni chikafika kwa Mphuka, ku Thyolo, kutsokomola sikudabwitsa munthu. Wothyola tiyi amamwa panado madzulo, m'mawa n'kuberekanso dengu, ndipo ambiri amachira. Koma alipo ochepa amene chibayo chawo chimakula mwadzidzidzi: pakapita masiku awiri kapena atatu, munthu amangoti wefuwefu ngakhale ali chigonere. Vutoli madokotala amalitcha acute respiratory distress syndrome, mwachidule ARDS. Analifotokoza koyamba m'chaka cha 1967 ku Denver, m'dziko la America, pomwe David Ashbaugh, Thomas Petty ndi anzawo analemba za odwala 12.

## Zimene zimachitika m'chifuwa

M'mapapo muli timatumba ta mpweya toposa 300 miliyoni, tozunguliridwa ndi timitsempha ta magazi. Khoma lolekanitsa mpweya ndi magazi n'lopyapyala kwambiri kuti okosijeni azidutsa mosavuta. Thupi likamalimbana ndi matenda aakulu, khomali limawonongeka n'kuyamba kuchucha. Madzi ochokera m'magazi amadzaza timatumba tija, ndipo mapapo amalemera ngati chinkhupule choviikidwa m'ndowa. Wodwala amakoka mpweya ndi mphamvu zake zonse koma wofika m'magazi ndi wochepa, choncho impso, ubongo ndi mtima nazo zimayamba kufooka.

Iyi si mphumu. Mankhwala opopera m'kamwa amene amathandiza mnansi wanu wa mphumu sangachotse madziwo.

## Imatsatira vuto lina

ARDS siyamba yokha. Imabwera pasanathe masiku 7 chichitikireni vuto lina, makamaka chibayo kapena tizilombo tolowa m'magazi, monga zimachitikira amayi ena akangobereka. Malungo aakulu, chifuwa chachikulu, ngozi ya pamsewu, kupsa ndi moto komanso kumira zingayambitsenso. Munthu amene ali ndi HIV koma anasiya ma ARV amagwidwa chibayo choopsa mosavuta.

Pali njira ina imene timainyalanyaza. Munthu woledzera kachasu akagona chagada n'kusanza, masanzi amalowa m'mapapo ndipo asidi wa m'mimba amawawotcha. Zimachitikanso kwa wakhunyu kapena womwa tameki. Aliyense wokomoka mugonekeni cham'mbali, ndipo musamumwetse kanthu.

Amalawi ambiri anaiona ARDS osadziwa dzina lake mu Januwale 2021, pomwe Covid-19 inadzaza zipatala ndipo masilinda a okosijeni ankasowa. Pa 12 mwezi womwewo nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi Covid-19.

## Werengani kapumidwe

Wamkulu akakhala phee amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi. Ikani foni pafupi, yang'anani chifuwa cha wodwala, werengani kwa mphindi yathunthu. Mukafika pa 30, nyamukani, kaya ndi usiku. Nyamukaninso ngati akulephera kumaliza chiganizo osapumira, ngati milomo ndi lilime zayamba kuda kapena kutuwa, kapena ngati wayamba kubwebweta ndi kusinza zachilendo.

Apa mpomwe ambiri timatayira nthawi: kudikira tsiku la malipiro, kudikira kuti kapitawo amve kaye, kudikira kuti mwinimbumba avomereze. Onsewo angauzidwe pa foni wodwala ali kale panjira. Kubanika kotere sikudikira kuti kuche.

Kuchipatala amapana chala ndi kachipangizo koyeza okosijeni. Munthu wabwinobwino amaonetsa 95 kupita m'mwamba. Kutsika pansi pa 90 n'koopsa. Kale ARDS inkatsimikizidwa ndi zoyeza zimene zipatala zathu zambiri zilibe, koma mu 2016 ofufuza ku Kigali, m'dziko la Rwanda, anaonetsa kuti kachipangizo kapachalaka pamodzi ndi ekisile kapena sikani ya mapapo zimathandiza kuizindikira.

## Chithandizo

Mankhwala oumitsa mapapo nthawi yomweyo kulibe. Madokotala amachiza chimene chayambitsa, kaya chibayo kaya malungo, uku akupereka okosijeni kuti munthu akhale moyo mpaka mapapo atadzikonza okha. Okosijeni angayambire ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo, ku Makwasa, koma wofuna makina opumira amatumizidwa ku Gulupu, ku Blantyre, komwe mu 2020 anakhazikitsa makina opanga okosijeni.

Gadiyani asadabwe ndi zinthu zitatu. Wodwala amagonekedwa chafufumimba, nthawi zina maola 16 pa tsiku, chifukwa mbali yakumsana ya mapapo imatseguka bwino akatero. Diripi amaipereka mosamala, poti madzi ochuluka amakathera m'mapapo momwemo. Si nkhanza za anamwino. Ndipo wa pa makina amapatsidwa mankhwala ogonetsa, choncho kusayankha sikutanthauza kuti watsirizika. Mphekesera yakuti okosijeni amapha inabwera chifukwa ambiri amaikidwa pa mpweyawo atafika mochedwa. Musachotse chigoba cha mpweya kuti mumwetse phala.

Matendawa ndi oopsa ndithu. Kafukufuku wa m'mayiko 50 amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti mwa odwala ARDS 10 alionse, pafupifupi 4 anamwalira, ngakhale anali m'zipinda za odwala mwakayakaya.

## Mukatuluka m'chipatala

Mapapo a ambiri amabwerera mwakale pang'onopang'ono, pa miyezi ingapo mwinanso chaka. Chimene chimachedwa kwambiri ndi mphamvu za miyendo ndi manja. Ena amaiwalaiwala, kulota zoopsa kapena kukhala okhumudwa, ndipo zimenezi n'zofunika kuwauza a dokotala pa tsiku lobwereranso. Yambani ndi kuyenda pabwalo, kenaka mpaka pamjigo, chitunda chibwere pambuyo. Fodya musiyiretu, ndipo pewani utsi wa m'khitchini yotseka. Ngati mumagwira ntchito pa esiteti, pemphani kalata ya kuchipatala yopempha ntchito yopepuka musanabwerere ku dengu.