Mbuzi, galu, fisi: zomwe timanena tikamatukwana

Pamene timu ya Argentina inatenga chikho cha dziko lonse mu 2022, achinyamata ambiri analemba pa Facebook kuti Lionel Messi ndi mbuzi. Uku kunali kumutamanda, chifukwa m'Chingerezi mawu oti GOAT ndi chidule chonena katswiri woposa onse. Koma yesani kuuza kondakitala wa minibasi kuti ndi mbuzi, muone ngati mungafike kumene mukupita.

Tikatchula munthu dzina la nyama, timatola khalidwe limodzi lokha. Mbuzi ndi munthu wopusa, wosamva zomuuza. Nkhumba ndi wauve kapena wadyera. Njoka ndi uja amakusekerera pamaso koma kuseri akukudyera miseche. Wandale wosinthasintha zipani amatchedwa bilimankhwe. Galu ndiye chitonzo chachikulu, chifukwa chimati munthuyo alibe ulemu ngakhale manyazi.

Dzina lina limanyamula zambiri. Fisi ndi wamantha, ndi wosusuka, komanso m'madera ena ndi mwamuna wolembedwa ntchito yogona ndi atsikana ochokera kuchinamwali kapena amayi amasiye. Mu 2016 bambo wina wa ku Nsanje anagamulidwa kukhala m'ndende zaka ziwiri pa nkhani yotere. Dzina la nyama linkaphimba mchitidwe womwe anthu sakanautchula poyera.

Chodabwitsa n'chakuti makolo athu sankanyoza nyamazi nthawi zonse. Ankati galu wamkota sakandira pachabe, kusonyeza kuti galu yemweyo ali ndi nzeru. Ankatinso anyani amasekana zikundu, pochenjeza woseka mnzake pa chilema chomwe iyenso ali nacho. Mwambi umaloza khalidwe n'kumusiyira munthu mpata wosintha. Kutukwana kumaloza munthu yenseyo n'kumuchotsa pakati pa anthu anzake.

Apa ndiye pagona ngozi. Galu timamugenda osamva chisoni, ndipo mphemvu timaiponda osaganiza kawiri. Ku Rwanda, wailesi ya RTLM inkatchula Atutsi kuti inyenzi, kutanthauza mphemvu, ndipo mu 1994 anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100. Mawu okha sanagwire chikwanje, koma anathandiza kuti wochigwira asaone munthu patsogolo pake.

Si kuti aliyense wotchula mnzake mbuzi pabwalo la mpira ali ndi mtima wakupha. Anzathu apamtima timaserewulana nawo motero, tonse n'kuseka. Chofunika n'kuona amene akunena, amene akunenedwa, ndiponso ngati onse awiri akuseka. Mwana wouzidwa tsiku ndi tsiku kuti ndi mbuzi saseka, ndipo amatha kuleka kukweza dzanja m'kalasi. Mtundu wa anthu wotchedwa agalu pamsonkhano wandale nawonso suseka.

Inu makolo, lero musanakalipire mwana kuti "galu iwe", yambani mwadzifunsa kuti wobereka galu amatchedwa chiyani.