Lezala, Kamfuno ndi Magazi pa Sukulu

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, lero tikambe za kanthu kamene kamapezeka m'thumba la ana ambiri, ndiko lezala losongolera pensulo. Lezala limodzi limapita m'manja ambiri belu lisanalire. Likaceka cala ca mwana, iye amangopukuta magazi pa kabudula napatsira mnzace, amenenso posacedwa adziceka nalo. Apo magazi a anthu awiri akumana, ngakhale palibe amene waona.

M'magazi mungakhale tizirombo tosaoneka ndi maso. Kodziwika kwambiri ndi ka HIV, koyambitsa matenda a AIDS amene anapezeka koyamba muno m'Zambia m'caka ca 1984. Koma kalipo kena kamene sitikachula kawirikawiri, koyambitsa matenda a ciwindi ochedwa Hepatitis B. Kameneka kamapatsirana msanga koposa HIV, ndipo kamakhala ndi moyo masiku 7 kapena kuposa m'magazi ouma a pa lezala kapena pa desiki. Makanda a m'dziko lino anayamba kulandira katemera wa matendawa m'caka ca 2005, motero aphunzitsi ambiri obadwa kale sanaulandire ali ana.

Munthu wokhala ndi tizirombo timeneti saoneka pa nkhope, ndipo kawirikawiri iye mwini sadziwa. Cifukwa cace lamulo ndi limodzi: magazi a munthu aliyense, kaya ndi a mwana wa a hedi kaya a mwana wamasiye, asakhudzidwe ndi manja amaliseche. Mphunzitsi wotsata lamuloli alibe cifukwa cofunsira kuti mwana uyu adwala ciani, kapena comusala. Kudyera mbale imodzi, kugwirana canza ndi kulumidwa ndi udzudzu sikupatsa munthu HIV.

Tsono mwana akadzitema ndi cikwakwa poceka udzu, mucitenji? Ngati ali wamkulu ndithu, muuzeni apanikize yekha balalo ndi kansaru koyera. Inu bvalani magolovesi, ndipo ngati palibe, lowetsani dzanja m'thumba la pulasitiki losabooka. Tsukani balalo ndi madzi oyera ndi kulimanga. Dothi, phulusa ndi ndowe zisafike pa bala, pakuti dothi ndi ndowe zimabweretsa kafumbata.

Kamfuno ndiye amasokoneza ambiri. Tinazolowera kuuza mwana kuti ayang'ane kumwamba, koma potero magazi amangotsikira kukhosi. Akhale pansi, aweramire kutsogolo pang'ono, atsine mbali yofewa ya mphuno mphindi 10 osaleka, akupuma ndi pakamwa.

Magazi ogwera pansi asakolopedwe ndi ana. Munthu wamkulu asakanize kapu 1 ya Jik ndi makapu 6 a madzi, athire pamalopo, adikire mphindi 10, ndipo pamenepo apukute. Nsaru, thonje ndi malezala akutha aponyedwe m'cimbudzi cokumba, osati pa dzala pamene ana ang'ono amatola zoseweretsa. Potsiriza sambani m'manja ndi sopo, ngakhale munabvala magolovesi.

Zikacitika kuti mwalasidwa ndi cinthu ca magazi a wina, kapena magaziwo agwera m'maso kapena pa cironda canu, tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, ndipo pitani kucipatala tsiku lomwelo. Kumeneko kuli mankhwala ochedwa PEP, oteteza ku HIV, amene amamwedwa masiku 28. Ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, cotero amene walasidwa Lacisanu asayembekeze Lolemba.